Tsiku Limene Apongozi Anakoka Mkamwini Miyendo

Amene anandibweretsera uthengawo anali amayi anga ondibala, a Nabanda, amene inu ana mumangowaona pa chithunzi chija chili pamwamba pa kabati. Linali Lachinayi, ife amayi a chigwirizano tili m'tchalitchi, tangomaliza nyimbo yoyamba. Ndinangoona anthu akutembenukira kukhomo. Amama ali chilili, mpango wagwera paphewa, phazi limodzi lili ndi patapata, linalo lopanda. Chibadwire changa ndinali ndisanawaone akuthamanga. Ngakhale tsiku limene njuchi zinalowa m'nyumba kwathu ku Katete, iwo anatuluka pang'onopang'ono ngati akupita kukaponya chopereka.

Anagwada pakhomo pomwepo, poti m'nyumba ya Mulungu salowa ngati mbuzi, n'kunena chapansipansi:

"Pepani amayi, ndasokoneza. Amake Dalitso, amuna anu aja, motoka ija yawakhalira."

"Yawakhalira bwanji, amama?"

"Kukhalira kwenikweni. Kunja kwatsala miyendo yokha."

Musanafunse kuti gogoyu wayambiranji nkhani yakalekale, funsani Yamikani. Iwe Yamikani mwana wa Dalitso, sabata yatha unatitumizira chithunzi pafoni uli ku Silverest, wagona pansi pa kamotoka kako katsopano, miyendo ili kunja, wilo wachotsa, motoka yonse yatsamira pa kajeke kang'ono ngati mwendo wa nkhuku. Pansi pake unalemba kuti "ba makanika". Anzako anaseka. Agogo ako aamuna anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anadzuka n'kupita kukafuna nkhwangwa. Ine ndinakafuna cholembera. Sukulu ndinalekera ku pulaimale, choncho pamene ndalakwitsa malembo mukonze nokha, inu ophunzira, koma nkhani yokha musaikonze.

Tinabwera kuno kufupi ndi Chalimbana Dalitso ali kumbuyo, titamva kuti kuli nthaka ndi madzi olimira matimati. Anthu a kuno anatilandira bwino, Mulungu awadalitse. Woyamba kundibwereka khasu anali amake Chipo, mayi wa Chisoli, wamfupi koma wamawu ngati belu la sukulu. Zaka zoyamba matimati tinkanyamula pamutu ndi panjinga mpaka kumsewu waukulu, n'kudikira lole yopita ku Lusaka. Inu masiku ano mumangoimika minibasi ndi chala, mukadikira pang'ono mwayamba kale kudandaula. Ife tinkadikira mpaka matimati apansi m'bokosi asanduka supu.

Ndiye chaka china zokolola zitayenda bwino, agogo anu a Sakala anabwera ndi vaneti. Anati ndi yoyera. Mwina inali yoyera ili kwa mwini wake woyamba. Chitseko cha kumanzere ankachimanga ndi mphira, ndipo kuliza ndi kiyi inakana kuyambira sabata yoyamba. Anthu anaitcha dzina lakuti Kankhani Abale. Pofuna kuti asamavutitse anansi m'mawa uliwonse, agogo anu anapeza nzeru: ankaiimika pachitunda chija cha pafupi ndi chulu, yoyang'ana kumunsi, mwala uli kuwilo. M'mawa amangochotsa mwala, kuthamanga, kudumphira mkati, iyo n'kutsokomola kawiri, basi yalira. Chitunda chimenecho muchikumbukire, chibweranso.

Umakanika agogo anu sanauphunzire kwa munthu. Anauphunzira ku mabala. Nyengo iliyonse inali ndi bala lake, ndipo ine ndinkadziwa miyezi poyang'ana thupi lawo.

M'chilimwe, dzuwa lija la Okutobala, injini inkawira tisanafike n'ku Silverest komwe, kumene nthawi imeneyo kunali thengo ndi mafamu, osati mipanda ya njerwa mukukhalamo lero. Tsiku lina anaima, natsegula chivundikiro cha rediyeta nthawi yomweyo. Ndinati, "Atate ake Dalitso, ngakhale mphika wa nyemba timayamba taudikira." Iwo anati, "Iwe, iyi ni injini, si nyemba." Madzi anatumphuka ngati kasupe. Mkono wonse unatuwa matuza, ndipo sabata zingapo ndinkawavalika malaya ngati mwana. Kuyambira pamenepo ikawira ankakhala pansi pamtengo kudikira kuti izizire, n'kumandiuza ine kuti, "Uona amake Dalitso, injini ifunika kuleza mtima," ngati nzeruyo abadwa nayo.

M'nyengo yozizira inali nkhani ya petulo. Ankaupopa ndi pakamwa kudzera m'kapaipi kuchoka m'chigubu. Tsiku lina anameza. Anatsokomola mpaka misozi, ndipo masiku awiri akageya m'nyumba monse mumanunkha ngati pamalo omwetsera mafuta. Ndinawaletsa kuyandikira mbaula. Tinaseka, koma a nesi atamva anatikalipira kuti anthu amafa nazo zimenezo, petulo akalowa m'mapapo. Ndinawagulira fanulo, n'kubisa kapaipi kaja kudenga la khitchini. Mwina kakadali komweko.

Nanga batire! Ankainyamula ataikumbatira pamimba ngati mwana wakhanda. Madzi ake aja amadya nsalu mwakachetechete. Buluku lawo labwino la Sabata linayamba timabowo, kenaka nsalu yonse inafooka ngati tsamba la fodya louma. Ndinati tilitaye. Anakana, nati likhala buluku la ntchito. Bulukulo mulikumbukirenso.

Ziwiya zanga ndiye musanene. Beseni langa losambitsira ana linasanduka lothiramo oyilo wakuda. Supuni zinkapezeka m'bokosi la masipanala. Ndikafunsa ankati, "Zonse ni za nyumba imodzi." Koma ine ndikangoyandikira motoka kuti ndione chimene akuchita, ankati, "Choka apo, izi si za azimayi." Ankakonda kugwira ntchito ali okha, pakhomo pali zii, kuti pasakhale wowafunsa mafunso.

Tsopano ndikuuzeni za amama. Inu ana a lero apongozi anu mumawapatsa moni wa m'manja, kukhala nawo pampando umodzi, mwina mpaka kuwafunsa kuti "muli shani". Kwathu sizinali choncho. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, kukhudzana ndiye ayi ndithu. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Sikudana, ndi ulemu. Amama ndi agogo anu ankakondana kwambiri, koma chikondi chake chinkadutsira mwa anthu ena. Amama akafuna kuthokoza shuga, ankauza mwana kuti, "Kawauze atate ako kuti talandira." Agogo anu ali pomwepo, kuseri kwa chitseko, n'kuyankha kuti, "Kawauze ambuya ako kuti n'zochepa." Mwana ali pakati, sanasunthe n'komwe. Pakasowa mwana ankalankhulira mwa galu wathu Bingo.

Chaka chimenecho amama anabwera kudzatithandiza kubzala. Mvula yoyamba inali itagwa usiku wathunthu, nthaka yafewa, ngumbi zili ponseponse. Amuna onse a m'mudzi anali atapita kukalandira feteleza. Agogo anu anatsala, chifukwa Kankhani Abale inkalira kuwilo lakumbuyo, ndipo ankafuna kuikonza kuti mawa lake akatenge matumba awo ndi a anansi. Ana anali kusukulu, ine kuchigwirizano. Pakhomo panatsala anthu awiri amene sakanatha kulankhulana, ndi galu.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake kwa onse awiri, aliyense payekha, ndipo nkhani zawo zinagwirizana.

Motoka sanaichotse pachitunda paja, poopa kuti akaitsitsira pansi pabwino adzasowa woikankha. Jeke inali yaifupi, ndiye anaiika pamwamba pa njerwa ziwiri zimene anatola pamulu umene tinkayembekeza kuotcha. Njerwa zosaotcha, ana inu, zitagona pamvula! Anachotsa wilo, n'kuligubuduzira kutali kuti lisawasokoneze, n'kulowa pansi chagada. Nati imodzi inakana kumasuka. Anaikoka ndi mphamvu zonse. Motoka inagwedezeka, mwala wa kutsogolo unamira m'matope, njerwa zinangoti nyenye ngati chigumu, ndipo chitsulo chija cholumikiza mawilo akumbuyo chinatsikira pachifuwa ndi paphewa pawo. Chimene chinawapulumutsa kuti asaphwanyike pomwepo ndi nthaka yofewa yomweyo, chifukwa msana wawo unalowa pansi pang'ono. Koma mpweya unkangolowa ngati wa m'kaudzu.

Amama anali kuseri kwa nkhokwe, akuswa nshawa, mtedza wobzala. Phokoso analimva, koma motoka ija inkachita phokoso tsiku lililonse.

Munthu wina aliyense akanakuwa kuti, "Mayo, ndikufa!" Agogo anu anasonkhanitsa kampweya kamene anali nako n'kunena kuti:

"Odi... odi kuseri uko."

Amama atamva odi anaganiza kuti mkamwini akufuna kudutsa. Anayankha kuti, "Eee, tamva," n'kunyamula lichero lawo, kusunthira kutali, kuseri kwa khola la mbuzi, kuti apereke njira.

Agogo anu akuti pamenepo anaona imfa itakhala pabampala ikuwaseka. Anayesanso:

"Odi... kulibe mwana pafupi?"

Amama anati, "Iwe Bingo, kawauze atate ako kuti ana onse ali kusukulu."

Bingo anapitadi, n'kukawanyambita kumapazi.

"Bingo," anatero agogo anu, mawu akutha, "uza ambuya... ngati sizivuta... motoka yanigwera."

Apo m'pamene amama anasuzumira. Anaona motoka yapendekeka, miyendo ikupalasa matope. Akuti anafika pafupi, nagwira bampala, nayesa kunyamula, osatheka. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analankhula kwa mkamwini wawo popanda galu. Anati, "Musafe, ndikubwera." Ndiye anathamanga.

Tibwerere kutchalitchi. Amayi onse tinatuluka ndi mayunifomu athu, mabulauzi oyera, liwiro kudutsa m'minda. Pemphero langa linali lalifupi, mawu awiri okha: "Ambuye, mpweya. Ambuye, mpweya." Titafika ndinagwada n'kusuzumira pansi. Nkhope yawo inali itada, maso atatuluka, milomo yauma. Anandiyang'ana n'kunong'ona kuti:

"Amake Dalitso... wabweretsa azimayi onse?"

"Khalani chete, sungani mpweya!"

Ena anayamba kulira maliro. Wina anati tithamangire amuna kumene akulandira feteleza, koma kumeneko kunali kutali, tikanabwera ndi onyamula bokosi. Amake Chipo ndiye anakuwa:

"Imwe, lekani kulira, munthu akali moyo! Ba Sakala, osagona! Mukagona nizakuthirani madzi!"

Tinafuna kungogwira tonse n'kunyamula, koma amama anatiletsa. Iwo anali atadzutsapo nkhokwe zakugwa kumudzi. Anati, "Mukanyamula n'kutopa, muibwezera pachifuwa pake kachiwiri, ndiye mwamupha. Choyamba miyala kumawilo onse, isatsetsereke. Wina abweretse mtondo. Minsi yonse ya m'mudzi muno ibwere."

Mtondo wanga unali wa mtengo wolimba, umene amama anandipatsa pokwatiwa. Agogo anu anali atandilanda beseni ndi supuni, koma mtondo sanaukhudzepo, poti mwamuna sasewera ndi mtondo. Tsiku limenelo unawapeza wokha.

Tinaika miyala ikuluikulu pafupi, minsi pamwamba pake, nsonga zake pansi pa motoka. Ena anagwira minsi, ena anagwira bodi ya motokayo ndi manja. Amake Chipo anatsogolera monga timachitira posinja awiriawiri, kuti manja atsikire pamodzi: "Tiye! Tiye! Tiye!" Motoka inalira ngati ng'ombe, n'kukwera pang'ono. Ine ndinakankhira mtondo chogoneka pansi pa chitsulo chachikulu cha m'mbali. Unalowa. Titatsitsa pang'onopang'ono, motoka inakhala pamtondo, ndipo ndinamva agogo anu akukoka mpweya wautali ngati munthu wovuuka m'chitsime.

Koma kutuluka okha sakanatha, dzanja limodzi linali litafa. Mtondo unayamba kulira, mng'alu ukuoneka. Tonse manja anali pa minsi ndi pa bodi kuthandiza mtondo, ine ndagona m'matope kuugwira kuti usagubuduke. Amene anali ndi manja opanda kanthu, ataima kumapazi kwa agogo anu, anali munthu mmodzi.

"Ambuya, kokani!" anakuwa amake Chipo.

Amama anayang'ana kumwamba, anayang'ana kumbali. "Ine? Mkamwini?"

"Kokani, mtondo usweka!"

Pofuna kusunga ulemu ngakhale pang'ono, amama sanagwire khungu. Anagwira nsonga za buluku, nkhope atatembenuzira kutchire, n'kukoka ndi mphamvu. Buluku lake lija la batire. Linangoti pwee, kung'ambika m'chiuno, ndipo amama anakagwa chagada m'matope atanyamula miyendo iwiri ya buluku, mkamwini atatsala pomwe anali.

Ana inu, Mulungu atikhululukire. Munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, koma amayi a chigwirizano anaphulika. Minsi inagwedera. Mayi wina wolemekezeka, mkazi wa mkulu wa mpingo, anaseka mpaka kukhala pansi. Pakanapanda mtondo, agogo anu akanaphedwa ndi chiseko.

Pansi pa motoka panamveka mawu ang'ono: "Nisiyeni chabe nife."

Amama anadzuka osaseka. Anamasula chitenje chawo chapamwamba, nachiponya pa mkamwini, nalavulira m'manja, n'kugwira akakolo enieniwo. Anati, "Mwana wanga, manyazi tidzachita mawa." Anakoka kamodzi, agogo anu n'kutuluka ngati chinangwa m'nthaka yonyowa. Tisanamalize n'kunena kuti zikomo Yesu, mtondo unang'ambika pakati, motoka n'kukhalanso pansi pamalo pomwe panali chifuwa chawo. Chiseko chonse chinathera pomwepo. Tinagwada m'matope ndi mabulauzi athu oyera, ndipo amake Chipo, amene sankadziwa kupemphera motsitsa mawu, anapemphera mpaka mbuzi zinathawa.

Tinazula chitseko cha khitchini n'kuwagoneka pamenepo kuti asapindike, kenaka pangolo ya ng'ombe mpaka kumsewu. Taonani, mwini motoka yekhayo m'mudzi monse akupita kuchipatala pangolo, atavala chitenje cha apongozi. Kuchipatala anapeza nthiti zothyoka ndi fupa la paphewa. Adokotala anati tinachita bwino kuwanyamulira pachitseko, ndipo tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Anafunsa kuti, "Nanga munakhala nthawi yaitali bwanji osaitana anthu?" Agogo anu anayang'ana kukhoma.

Anagona kumeneko mpaka chimanga chinamera. Feteleza wathu anatibweretsera anansi panjinga, ndipo amayi a chigwirizano anatipalirira munda. Sindidzaiwala. Atatuluka, ntchito yoyamba anatuma Dalitso kukagula chitenje chatsopano ndi tambala woyera. Anaitana akulu awiri kuti akhale mboni, napereka kwa amama. Amama analandira, nati, "Amene ndamukoka miyendo ndi mwana wanga. Kuthawana kwatha." Tsiku limenelo anadyera m'mbale imodzi. Bingo anachotsedwa ntchito.

Ndipo taonani mmene Mulungu amakonzera zinthu. Patapita zaka, amama atadwala matenda awo omaliza, osatha kuyenda, amene ankawanyamula m'manja kuwakweza mu Kankhani Abale kupita nawo kuchipatala anali mkamwini yemweyo, ndi dzanja lake limodzi ndi theka. Amama ankamuseka ali m'manja mwake kuti, "Lero buluku ndi lolimba?" Iye n'kumati, "Amama, nkhani ija siinathe?" Sinathe, ndipo ndi ino ndakupatsani.

Umakanika sanausiye, koma unasintha. Anasalaza malo pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi chitunda. Anasema zitsa zikuluzikulu za mtengo wouma, ndipo jeke ikangokweza, chitsa chimalowa, wilo lochotsalo naliika pansi pa motoka, miyala kumawilo otsala. Asanalowe ankaigwedeza ndi manja awiri kuti ngati ili ndi maganizo ogwa, igwe iwo ali kunja. Ndipo munthu uja ankati izi si za azimayi anayamba kuitana, "Amake Dalitso, bwera ukhale apa, nifuna kulowa pansi." Ndinkakhala pampando ndi lichero langa. Masipanala onse ndinawadziwa mayina.

Kankhani Abale lero ndi ija nkhuku zimaikiramo mazira kuseri kwa nyumba. Agogo anu dzanja lamanzere silikwera kupitirira phewa, n'chifukwa chake m'tchalitchi amakweza limodzi. Musamaganize kuti amatamanda Mulungu mwatheka. Mwezi wa Juni ukafika nthiti zija zimawakumbutsa, amagona chokhala. Zidutswa ziwiri za mtondo anakana kuti ndisonkhere moto, zili m'chipinda mwawo pamodzi ndi Baibulo.

Tsopano iwe Yamikani. Nkhwangwa ija anakatenga ataona chithunzi chako, akukusemera zitsa ziwiri. Akusema ndi dzanja limodzi, masiku atatu tsopano, ndipo akukana kuthandizidwa. Ubwere Loweruka udzatenge, usanalowenso pansi pa kamotoka kako. Kumene ukukhalako mipanda ndi yaitali, geti lotseka, mnansi wako sudziwa n'dzina lake. Kulibe amayi a chigwirizano odutsa m'minda, ndipo sindikhulupirira kuti mu Silverest monse mungapezeke minsi yokwanira. Ukamagwira ntchito, mkazi wako akhale pafupi, ndipo chikachitika chinthu ukuwe ngati munthu, usayambe ndi odi.

Inu nonse amene muwerenge izi, ana anga, adzukulu ndi anzanu amene mudzawaonetse, muzitikumbukira m'mapemphero ife banja la a Sakala kuno ku Chalimbana. Mukumbukire agogo anu ndi nthiti zawo pamene kuzizira kukubwera, ndi amake Chipo amene maso ayamba kuwavuta koma mawu akadali omwe aja. Ndawawerengera agogo anu zonsezi ali pakhonde ndi nkhwangwa yawo. Akuti ndanama pamodzi pokha: buluku silinachoke lonse, lamba anatsala.